Fungo la Chingambwe m'Chipinda cha Ababa

Mayfair, Joni
4 Febuluwale 2024

Make Shamima,

Asalamu aleikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu. Ine kuno ndikudzuka, Alhamdulillah, kungoti mvula ya kuno imagwa ndi matalala ndipo nsapato zanga zayamba kumwa madzi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Chifikireni ababa pakhomopo, ndimati ndikaimba ndimawamva akutsokomola chapafupi, ndiye pali zina zimene pakamwa pamalemera kuzinena iwo akumva. Che Bilal, aja amanyamula katundu wa anthu pagalimoto, anyamuka Lachinayi. Ndawapatsa kalatayi ndi chikwama chimodzi. Muli shuga, mafuta ophikira, sopo, viniga, juzi ya ababa ndi nsapato za Shamima. Nsapatozo ndagula zokulirapo dala, muziika kansalu kutsogolo mpaka phazi lidzakwanemo.

Awa mkazi wanga, ndikuthokozeni chifukwa cholandira ababa. Si mkazi aliyense angalole apongozi odwala kudzakhala m'nyumba mwake, mwamuna ali kutali chonchi. Achemwali Abiba ku Namwera awasamala chimwalirireni amayi, koma kumeneko chipatala chachikulu chili kutali, ndipo chifuwa cha ababa chikufuna dokotala pafupipafupi. Kwathu ku Mpondasi n'kungokwera kabaza, mwafika ku boma.

Tsopano za fungo lija munandinong'oneza pafoni, kuti nyumba yonse yayamba kununkha chingambwe mpaka zovala za m'sutikesi. Ndinaseka ndekha, chifukwa ntchito yanga kuno ndi yomweyo. Pa nyumba ya alendo pomwe ndimagwirapa, chitseko chilichonse chili ndi chikwangwani choletsa kusuta, koma alendo amasutabe, wina kubafa, wina pawindo. Akachoka, bwana amaitana ine: "Yunus, chipinda chakuti chikununkha." Ndiye mvetserani mwamuna wanu, pa izi zokha ndine katswiri.

Kukacha tsegulani mawindo ndi zitseko mbali zonse, mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Windo limodzi silichita kanthu. Bulangete, pilo ndi neti zizituluka padzuwa tsiku lililonse, chifukwa utsi umabisala mu nsalu. Tengani makala atsopano, muwaike m'beseni lakale kunsi kwa bedi. Makala amamwa fungo. Mlungu ukatha muwaphikire n'kuikamo ena, palibe chotayika. Makoma muziwapukuta ndi madzi othira viniga pang'ono. Phulusa ndi timitu ta fodya zisagone m'chipindamo, apezereni kachitini ka chivindikiro muikemo mchenga. Lubani musafukize ayi. Fungo silichoka ndi lubani, limangovala malaya ena, ndipo utsi wakewo ndi mphumu ya Shamima sizigwirizana.

Koma mankhwala enieni ndi akuti asasutire m'nyumba. Zimenezi musawauze inu, mpongozi sangathe. Ingotulutsani mpando wandalema uja muuike pansi pa mtengo wa mango, pambali pake kachitini kaja. Munthu wamkulu sauzidwa, amangokonzeredwa malo.

Ndalama ya mwezi uno ndatumiza pafoni. Ndamva kuti chimanga chakwera, koma mankhwala a Shamima opopera mkamwa asathe m'nyumba, ngakhale mutadyera masamba mlungu wonse. Moni kwa amayi anu.

Ndine mwamuna wanu,
Yunus


24 Malichi 2024

Make Shamima,

Asalamu aleikum. Mukufunga bwanji kumeneko, mwezi uno wosala kudya? Ine ndikufunga bwino. Futali, chakudya chomasulira madzulo, timadyera kumzikiti wapafupi, amatipatsa zipatso za tende ndi phala la nyama, ndiye mwezi uno kapoto kanga kakupuma. Mutu umandiwawa pang'ono madzulo, koma ndi za makina a kuntchito. Bwana wagula makina ochotsa fungo, timawayatsa m'chipinda n'kutseka chitseko. Amati munthu asalowemo mpaka mpweya wake utatha, koma alendo akachuluka bwana sadikira. Musade nazo nkhawa.

Kalata yanu ndinalandira. Ndinaseka pomwe mwalemba kuti ababa aukonda mpando uja, amakhalapo tsiku lonse, koma ikakwana nthawi yosuta amanyamuka n'kukalowa m'chipinda, akuti panja mphepo imawathera fodya. Ndi ababa enieni amenewo. Ndipo poti masana akufunga, mwati akangomaliza futali amasuta wa tsiku lonse nthawi imodzi, windo lotseka kuopa udzudzu.

Ndinayesa kuwalankhula Lachisanu lapitali. Ndinayambira kutali, za mvula, za mbuzi za ku Namwera, kenako ndinati, "Ababa, adokotala aja sanakuletseni fodya?"

Anati, "Adokotalawo ndi ana. Anandiletsanso mchere."

Ndinati, "Nanga mutamasutira panja, chifukwa cha mwanayu?"

Anati, "Iwe Yunus, unakulira m'chigafa. Yunifolomu yako, makope ako, ngakhale ya basi yopitira ku Joni komweko, zonse zinachokera m'fodya. Lero wayamba kununkha?"

N'zoona, Awa. Ndili mwana, nyengo yosoka fodya, ndinkagona m'chigafa pamatumba, iwo n'kundifunditsa jekete lawo. Lero fungo lomwelo ndi limene ndimalipidwa kuti ndilithamangitse m'zipinda za eni.

Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti Shamima sachoka m'chipinda cha anganga ake. Mwati akumuphunzitsa zilembo za kumzikiti, alifu, be, te, ndipo iye amawang'ambira mapepala a m'makope ake akale kuti apichire fodya. Ndikudziwa amakondana, ndipo mwanayo chiyambire kuzindikira sanakhalepo ndi munthu wamwamuna m'nyumba. Koma phunzirolo lizichitikira pakhonde. Muuzeni kuti atero ndi adadi ake. Pogona muzitseka chitseko cha ababa, kunsi kwake muikepo chiguduli chonyowa. Pamwamba pa khoma paja, pomwe sipanafike kumalata, ndi pamene utsi umadutsira kubwera kwanu. Funsani mmisiri kuti angatseke ndi zingati, njerwa zotsala zija zili kuseri.

Za Idi ndatumiza nsalu yanu, diresi ya Shamima ndi mkanjo woyera wa ababa. Ine Idi ndidyera konkuno. Masiku ano sindiyendayenda. Kuli anthu akumaima m'misewu ndi pazipata za zipatala n'kumafunsa mapepala. Mnzathu wina wa ku Makanjira anapita kukagula buledi, mpaka lero sitinamuone. Koma mbali yathu ino kuli bata.

Muzindikumbukira pa duwa mukamapemphera.

Yunus


19 Meyi 2024

Make Shamima,

Asalamu aleikum. Ine ndili bwino. Sindikufunsani kuti muli bwanji, poti ndikudziwa mmene mulili.

Alhamdulillah kuti mwana watuluka m'chipatala. Chiimbireni foni ija muli pakabaza, iye akupuma molira ngati kamphaka m'manja mwanu, ine sindinali munthu. Ndinkakolopa malo amodzimodzi osadziwa. Dorika, mayi wa ku Malindi amene timagwira naye ntchito, ndi amene anandilanda chokolopera n'kundiuza kuti ndikakhale pansi.

Mwina ababa sanakuuzeni zimene ndinawalankhula, ndiye ndikuuzeni ndekha. Mutandiuza kuti anamwino amva fungo la fodya pa diresi ya mwana, n'kukufunsani pamaso pa anthu kuti amasuta ndani kunyumba, mutu wanga unatentha. Ndinawaimbira pompo. Sindinawapatse ndi moni womwe. Ndinati, "Ababa, nyumbayo ndinamanga ine ndi thukuta langa. Sankhani, fodya kapena mdzukulu wanu. Mwanayo akafa, mudzamukwirira ndinu."

Iwo anangoti, "Ndamva, bwana." N'kudula foni.

Chibadwire changa sananditchulepo choncho.

Sindikuti ndinalakwa. Mwana ndi mwana, ndipo mawu ofewa ndinawayesa. Za mmisiri uja sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa kuti ndalama sinakwane. Pakali pano Shamima azigona kwa amayi anu. Zovala zake zonse muchape ndi soda, muyanike padzuwa, muzisunge komweko. Zanunso muzisintha musanamunyamule, chifukwa utsi umayenda ndi munthu.

Ababa muziwapatsa chakudya monga mwa masiku onse. Akakhala osalankhula asiyeni, mtima wawo umatsika wokha. Tsiku lawo la kuchipatala lisaphonyeke.

Yunus


30 Juni 2024

Make Shamima,

Asalamu aleikum. Kuno kwazizira kwambiri, madzi a pampopi akuluma zala. Ndili ndi kachifuwa, koma ndikumwa madzi otentha a mandimu. Ndamva kuti Shamima wabwerera kusukulu ndipo akuthamanga ndi anzake. Alhamdulillah.

Kalata yanu ndaiwerenga. Lekani kudziimba mlandu, Awa. Ababa sanachoke chifukwa cha inu. Inu nomwe mwalemba zimene ananena potsanzika: "Mwandisunga bwino, mayi. Ndikupita kuti mwana apume." Munthu wokukwiyirani sakanatero. Mwati anasesa okha m'chipindamo, kachitini kaja n'kukakhuthula kudzala, bedi n'kuyala, juzi ndinawagulira ija ataipinda bwinobwino pamwamba pa pilo. Juziyo anabwezera ine, osati inu.

Ndaimba ku Namwera kambirimbiri. Achemwali Abiba akati awapatse foni, iwo amati, "Muuze ndili bwino," ine ndikumva. Pa Idi ya nyama ndinatumiza kangachepe kuti agule mbuzi. Anauza achemwali kuti nyamayo agawire ana amasiye, iwo mano alibe. Achemwali nawonso sakundilankhula bwino. Akuti, "Iwe uli ku Joni kununkhira perefyumu, ife ndi amene tikumva kutsokomola kwawo." Akanadziwa kumene ndimagona, koma zimenezo zisiyeni.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mankhwala awo. Ku Namwera nyengo ino kumazizira ngati kuno, ndipo munthu wa chifuwa chotere sangamakwere matola kutsika mapiri a Chowe n'kubwerera tsiku lomwelo. Tsiku lawo la mwezi uno ladutsa kale. Chonde pitani kuchipatala mukafotokoze, mwina angalole kuti muwatengere mankhwalawo. Mukawapereke nokha ku Namwera, pamodzi ndi juziyo. Kwa inu sangakane. Musakanene kuti ndakutumani ine.

Mwati Shamima akamachokera kusukulu amadutsira kunyumba kukagogoda pa chitseko cha anganga ake. Musamunamize kuti apita kumunda. Muuzeni kuti ali kwa azakhali ake ndipo adzabwera. Mwanayo akhoza kubwerera kunyumba tsopano. Chipindacho chikhale chotseka, windo lokha muzitsegula. Zokonza tidzakambirana ndikapeza ndalama, mwezi uno atidula poti alendo achepa.

Ndakusowani nonse.

Yunus


11 Ogasiti 2024

Make Shamima,

Asalamu aleikum. Lero ndikulemba mtima uli m'malo. Ndili bwino, kachifuwa kaja katsala pang'ono. Ndikhulupirira inu ndi mwana muli bwino.

Ababa andilankhula. Ulendo wanu uja unagwira ntchito, Allah akulipireni. Dzana ndinaimba mwa chizolowezi, ndikuyembekeza mawu a achemwali, koma ndinangomva, "Yunus." Mawu awo achepa, Awa, akulankhula mopumira. Anafunsa za Shamima, kuti zilembo zija akuzikumbukirabe kapena waiwala. Kenako anati, "Fodya ndasiya. Uwauze amake Shamima kuti ndikadzabwera sindidzanunkhanso."

Ndinati, "Ababa, za mawu aja ndinalankhula..."

Anati, "Zisiye. Mayunitsi ako akutha." Kenako chifuwa chinawagwira, achemwali n'kutenga foni.

Achemwali akuti n'zoona, kathumba kawo ka chingambwe anakapereka kwa mnzawo wina wa kumzikiti. Koma akuti asiya chifukwa mpweya wokokera alibenso, ndipo miyendo yayamba kutupa. Achemwali mukuwadziwa, chilichonse amachiona mbali yoipa. Ine ndikuti akangofika pafupi ndi chipatala adzatolera mphamvu.

Ndiye tikonze chipinda chija, adzachipeze chatsopano. Tulutsani zonse. Matiresi aja sangachirenso, siponji yake yamwa utsi mpaka mkati, mugule ena. Makatani ndi neti muchape kawiri ndi soda. Musafulumire kupaka laimu. Utsi wa fodya umasiya mafuta achikasu pakhoma, ndipo mukapaka pamwamba pake amatulukiranso ngati thukuta. Yambani ndi kukwecha makoma ndi madzi otentha, sopo ndi viniga, kuchokera pamwamba kutsika, mpaka madziwo asiye kufiira. Musaiwale mitengo ya kudenga, kunsi kwa malata, ndi chitseko chomwe mbali zonse. Ziume bwinobwino, kenako laimu kawiri. Mmisiri atseke pamwamba pa khoma paja, abolenso windo lachiwiri loyang'ana ku mtengo wa mango. Ngati angadzayambirenso kusuta, poti munthu ndi munthu, tidzawamangira kakhonde kawokawo kotchinga ndi neti, kuti udzudzu usawathamangitsirenso m'nyumba. Ndikanaganiza zimenezi poyamba paja.

Ndalama ndatumiza. Musafunse kumene ndaitenga, si yakuba. Foni yaikulu ija ndilibenso, muziimba pa nambala yomweyo koma zithunzi sindiziona.

Fulumirani, Awa. Ndikufuna kuti kutentha kukamayamba akhale atabwera. Ine mwina Disembala, Insha Allah. Pali zoti ndiganize kaye, chifukwa ndikatuluka dziko lino kulowanso n'kovuta, za mapepala anga mukuzidziwa. Tidzakamba.

Muuzeni Shamima kuti anganga ake amufunsa.

Mwamuna wanu,
Yunus


8 Sepitembala 2024

Make Shamima,

Asalamu aleikum. Inna lillahi wa inna ilaihi rajiuna. Ndife a Allah, ndipo kwa Iye tidzabwerera. Za thupi langa, ndikudzuka.

Uthenga unandipeza ndili ndi ndowa m'manja. Achemwali anangoti, "Ababa atisiya," osaonjezera kanthu. Pomwe ndinkapempha bwana kuti ndiweruke msanga, kumeneko n'kuti akusambitsa. Pomwe ndinkafika kumene ndimagona, n'kuti amuna abwerako kumanda. Sanda anagula alamu, m'manda anawatsitsa ana a eni. Anthu ankadziwa kuti ababa, Che Sefu, ali ndi mwana wamwamuna mmodzi, ndipo mwanayo anali ku Joni akuyala mabedi. Anzanga a ku Mangochi anabwera, tinachita duwa ndi Shehe wa kumzikiti kuno. Dorika anabweretsa tiyi ndi buledi ngakhale si wa chipembedzo chathu. Onse ankandiyang'ana kuti ndilira, koma maso anga anali ouma.

Zikomo kuti munathamangira ku Namwera ndi mwana, n'kukhala ndi achemwali masiku onse aja. Achemwali andiuza kuti Shamima anawerenga zilembo zija pakati pa azimayi mpaka pomwe anganga ake analekezera, kenako n'kufunsa kuti chotsatira n'chiyani. Pamenepo ndinalephera kupitiriza foni.

Za sadaka ya arubaini, pakakwana masiku makumi anayi, ndidzatumiza ya mpunga ndi mbuzi. Mugwirizane ndi achemwali, zimene anene zichitike. Musatsutsane nawo pa chilichonse.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo pafoni ndalephera kulinena. Chipinda chija, ngati simunayambe kukonza, musachikhudze. Ndikudziwa zimene ndinalemba mwezi watha. Tsekani windo, tsekani chitseko, makala aja muchotsemo. Matiresi akhale pomwepo. Shamima asalowemo, kiyi musunge inu. Ndikungofuna ndikadzabwera ndidzakhalemo pang'ono. Kenako tidzakonza limodzi.

Mundiyankhe kudzera kwa Che Bilal.

Yunus


10 Novembala 2024

Make Shamima,

Asalamu aleikum. Ndamva kuti kumeneko dzuwa likuwamba ndipo mvula sinayambe. Muzimwa madzi ambiri, inu ndi mwana. Ine ndilipo.

Yankho lanu linachedwa, ndipo nditaliwerenga ndinamvetsa chifukwa chake. Munachita mantha pachabe, Awa. Ndinati fulumirani, inu munafulumira. Mwati munakwecha makoma mpaka zala zinasupuka, ndipo mmisiri anamaliza windo mlungu womwe ababa anamwalira. Mwati mutalandira kalata yanga munalowa m'chipindamo n'kununkhiza paliponse, m'makoma, kuseri kwa chitseko, kuti mwina mupeze pangodya pamodzi poti mundisungire, koma osapeza. Munagwira ntchito yabwino. Ine amene ndimadyera ntchito imeneyi sindikanaposa pamenepo. Musalirenso.

Shamima alowemo, chikhale chipinda chake. Mwati chichokereni m'chipatala muja sanabanikenso. Ababa anabwerera ku Namwera chifukwa cha chimenecho, ndiye chisapite pachabe.

Tsopano za ine. Ntchito yatha. Mwezi watha kunagona dalaivala wina wa thiraki, wa ku Lichinga. Kutacha bwana anati, "Yunus, pita, chipinda chija chikununkha ngati khola." Ndinatenga ndowa ndi makina aja. Nditatsegula chitseko ndinaima. Sizinali ndudu za m'sitolo zimene ndinazolowera, Awa. Chinali chingambwe chenicheni, cha kwathu, chopichira papepala la nyuzi. Ndinalowa n'kutseka chitseko, windo sindinatsegule. Ndinakhala pabedi. Misozi imene inakana tsiku la maliro inatulukira mmenemo.

Sindikudziwa kuti ndinakhalamo nthawi yaitali bwanji. Bwana anandipeza momwemo, mlendo wina akudikira chipindacho. Anakalipa, ine osamva n'komwe. Dorika anayesa kumufotokozera, koma iye anati anali kale ndi maganizo ochepetsa anthu opanda mapepala, poti a boma ayamba kuyendera malo ngati athu. Sindinamudandaulire. Chifuwa chija nachonso chikufuna mpweya wa kwathu.

Ndibwera ndi Che Bilal pa ulendo wawo wa kumapeto kwa mwezi uno. Pachipata cha dziko adzandidinda kuti ndisabwererenso kwa zaka, adinde. Katundu ndilibe wambiri, ndiye musauze anthu kuti kukubwera wa ku Joni. Ndikangoona inu ndi mwana ndidzapita ku Namwera, alamu akandionetse pamene ababa anagona. Za pokhalira tidzaona. Achimwene anu aja ogulitsa usipa muwafunse ngati akufuna munthu wowathandiza.

Chomaliza, kuti musadzadabwe pochapa. Dalaivala uja ndinamupeza pamsewu asananyamuke, akuyang'ana matayala. Ndinamupatsa moni m'Chiyao, anayankha. Ndinamupempha fodya pang'ono, anandipatsa osafunsa kanthu, n'kuyamba kundifunira machesi. Ndinati machesi ayi. Fodyayo ndinamumanga pakansalu, ali m'thumba la malaya. Sindisuta, musaope, ndipo sindidzayamba. Ndikadzafika pakhomo ndidzamusiya panja.

Ndine mwamuna wanu,
Yunus